“Wachoka”: Mawu Omaliza a Mwamuna Wanga

1

Dzina langa ndine Ndaziona. Anandipatsa dzinali ndi malemu bambo anga, ndipo sindidziwa kuti anaona chiyani pankhope ya khanda mpaka kulilosera zotere. Ndikuuzeniretu poyamba pomwe: ngati munali ndi foni chaka chimene kandege ka kampani kaja kanagwa kutsidya kwa Luchenza, ndiye kuti mumandidziwa kale. Mkazi uja ndine. Mwina nanunso munautumizako uthenga uja kwa anzanu. Sindikukusungirani mangawa, koma lero mumveko mbali yanga.

Mwamuna wanga, Gracian Namakhwa, ankayendetsa ndege. Osati zikuluzikulu zonyamula chikhamu zija ayi, koma kajeti ka mipando yochepa konyamula mabwana a kampani ina ya zamigodi. Lero ali ku Beira, mawa ku Joni, mkuja ku Nampula. Ine ndinkagulitsa mankhwala pa famase ina m'tauni, ndipo tinkachita lendi ku Kanjedza ndi mwana wathu mmodzi, Stacy. Anzanga ankandisirira, osadziwa kuti mkazi wa woyendetsa ndege amakwatiwa ndi sutikesi.

Ndiye panali Trevor, mnzanga wa kuntchito. Ankakhala chakufupi nafe, ndipo m'mawa ankanditenga pagalimoto yake kuti ndisamakalimbirane minibasi pa Limbe. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, Trevor sanandigwirepo ngakhale dzanja. Koma sindinama, zinkandikomera kuti pali munthu amene amandifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Lamlungu lina titangobwera kutchalitchi, nsapato ndisanavule n'komwe, Gracian anaiyamba.

“Kodi galimoto ya Trevor yasanduka minibasi masiku ano? Ndamva kuti mpando wakutsogolo unalembedwa dzina lako.”

“Wakuuzani ndani zimenezo?”

“Lackson anakuonani pa Ginnery Corner, mano onse ali pamtunda.”

A Lackson ndi mng'ono wake wa Gracian, munthu woti akaona chinthu sagona nacho. Tsono pakamwa panga ine ndimapadziwa, pakatseguka palibe mabuleki.

“Ndiye mukufuna ndizikwera ndege yanuyo popita kuntchito? Mwanayu amakudziwirani pafoni. Nane ndayamba kuiwala ngati ndili pabanja kapena ndine mlonda wa nyumba yanu.”

“Ngati watopa, Nda, chitseko chilibe loko.”

Ha! Ndinalongedza chikwama nthawi yomweyo, kugwira Stacy padzanja, ulendo wa kwa mkulu wanga Linda ku Chinyonga. Gracian anaima pageti, manja ali m'thumba. Amayi anzanga mukudziwa, kuchoka kotereku sikukhala kuchoka kwenikweni. Umangofuna akutsatire ndi ankhoswe, apepese, ubwerere ukunyada. M'mawa mwake ndikuvala, foni yanga inalira. Nditaona dzina lake ndinaisiya kuti ilire mpaka itope. Mumtima ndinati avutike kaye.

2

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba limenelo kunja kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Dzuwa lisanafike pamutu, a Lackson analowa m'famase tayi ili pambali, maso ali psuu.

“Alamu, tatulukani kaye.”

“Ngati mwabwera ndi nkhani ya dzulo ija, pano ndi pantchito.”

“Ndege yagwa, alamu.”

Ananyamuka pa Chileka awiri okha, iye ndi womuthandiza wake, Nizam wa ku Limbe, kupita ku Nampula kukatenga mabwana. Sanafike ndi pamalire pomwe. Zina zonse ine ndinazimvera pabedi la chipatala, diripi ili pamkono. N'chifukwa chake pamene abale ankapita kukaona malo a ngozi, ine sindinali nawo. Anapita a Lackson ndi apongozi anga, mayi Alefa.

Za mayi Alefa ndikuuzeniko pang'ono. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Milange, ku Mozambiki, kudzathyola tiyi ku Thyolo. Iwo anaferedwa mwamuna ana akadali aang'ono, n'kuwalera okha ndi tomato wa mumsika wa Limbe. Ndege ikamadutsa pamwamba pa Chigumula, kaya ndi ya ndani, ankasiya khasu n'kumaibayibitsa. “Mdzukulu wa woyenda wapansi uyo!” ankatero, aneba n'kumaseka.

Maliro anachitikira kwawo ku Chigumula komweko. Zimene anatipatsa ku mochale sindingazilembe pano. Ndingonena kuti zinakwana m'kansalu koyera. Zoona nkhope panalibe. Ndili chigonere pamphasa pakati pa amayi olira, ndinamva kuseri kwa khoma akuluakulu akunong'onezana kuti bokosi lapepuka kwambiri, onyamula adzadabwa, ndi bwino aikemo thunthu la nthochi monga ankachitira makolo munthu akasowa.

“Mwana wanga si nthochi!” anakuwa mayi Alefa. “Tulukani nonse. Ndikufuna nditsanzikane naye ndekha.”

Anatseka chitseko, n'kukhalamo kanthawi ndithu, kenako anaitana kalipentala kuti akhome bokosi. Tinamuika mawa lake, kwaya ikuimba, mabwana a kampani atandandalika ndi masuti akuda. Pamanda apongozi anandigwira dzanja, tinalira limodzi ngati mayi ndi mwana wake.

3

Mvula yoyamba isanagwe, zinthu zinatembenuka. Ndege zimakhala ndi kabokosi kojambula zonse zimene oyendetsa akulankhula. Ofufuza ngozi anakapeza, n'kukatumiza kwa akatswiri akunja kumene ndegeyo inapangidwa. Zam'menemo zinayenera kukhala zachinsinsi, koma chinsinsi mu Blantyre muno chili ndi miyendo. Winawake anaulutsa kachigawo komaliza.

Akuti kunamveka chiphokoso, kenako Gracian anakuwa m'Chichewa kuti, “Wachoka! Wachoka, amayi!” Basi, mawu ake omaliza ndi amenewo. Azungu aja Chichewa sankachimva, ndiye anapeza womasulira wa komweko, iye n'kuwalembera kuti munthuyu akudandaulira mayi ake kuti mkazi wamuchokera.

Nanga aneba a ku Kanjedza sanandione ndikutuluka ndi chikwama? Nanga a Lackson sanatione pa Ginnery Corner? Anthu anangolumikiza. Pofika madzulo, chithunzi changa cha paukwati chinali pa watsapu aliyense: payiloti wagwetsa ndege dala, mkazi wathawa ndi chibwenzi. M'minibasi ndinamva kondakitala akuuza dalaivala kuti, “Akazi a masiku ano akugwetsa ndi ndege zomwe, amwene!” Anthu anafa nalo phwete, ine ndili pampando wakumbuyo, nkhope nditaibisa m'chitenje.

Apongozi anabwera ku Kanjedza masanasana. M'nyumba sanalowe, anaima pakati pa bwalo kuti aneba amve bwino.

“Iwe!”

Chikwatiwire changa anali asanandinenepo kuti iwe.

“Unandigwira dzanja pamanda ukudziwa kuti wandiphera mwana? Ndinamulera ndi tomato ameneyu, dzuwa likundiwotcha, iwe n'kumulavula ngati makoko a nzimbe!”

Ine wa pakamwa uja, tsiku limenelo ndinangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Trevor anasintha msewu, kenako anasintha ndi nambala yomwe. Abwana a pafamase anati ndipume kaye, chifukwa makasitomala akubwera kudzandiona m'malo mogula mankhwala. Nyumba ya ku Kanjedza ndinaisiya, n'kubwerera kwa Linda. Tsiku lina Stacy anachokera kusukulu osadya kamba wake, n'kundifunsa, “Amami, akuti adadi anapha munthu. Zoona?”

Koma limene linandipyoza kwambiri ndi la ku Limbe. Ndinalowa m'sitolo ina ya nsalu kukagula ya yunifolomu ya mwanayu, osadziwa kuti ndi ya bambo ake a Nizam. Bambo wa ndevu zoyera anayeza nsaluyo, kuidula, kuipinda bwinobwino, kenako n'kunena motsitsa mawu, m'Chichewa chosalala:

“Ndakudziwani, mayi. Sindikukutukwanani. Ndingofunsako chimodzi. Nizam wanga analakwa chiyani paukwati wanu?”

Ndinasiya nsaluyo pakauntala n'kutuluka. Ndipo choopsa kuposa zonsezi n'chakuti nanenso ndinakhulupirira. Kuchoka ndinachokadi, foni sindinayankhedi. Ndinkati ndikatseka maso, ndinkamumva akukuwa mawu aja, ine n'kumayankha ndekha kuti inde, ndinachoka, ndikhululukire. Ndinaonda mpaka mphete inayamba kugwa pachala.

4

Tsiku lina ndikuchapa panja pa Linda, kunabwera bambo wina wamfupi, wa imvi, nsapato zili matope okhaokha.

“Ndine Bennet, mmodzi mwa ofufuza ngozi ija. Mbali yanga ndi ya zitsulo.”

“Ngati mwabwera kudzafunsa za Trevor, kafunseni pa watsapu. Kumeneko akudziwa zambiri kuposa ine.”

Anaseka pang'ono, n'kukhala pachidebe chovundikira. “Nkhani za mabanja ine sindizitha, mayi, langa lomwe likundivuta. Ndikufunseni funso la ana a pulayimale. Mukagwira buluzi iye n'kukupulumukani, m'manja mwanu mumatsala chiyani?”

“Mchira.”

“Tsono mwana ataona buluzi uja akuthawa wopanda kanthu kumbuyo, anganene kuti mchira watani?”

“Wacho…”

Sopo anandipulumuka m'manja.

“Eya,” anatero a Bennet. “Mkazi wachoka, mchira wachoka. Chichewa chathu pamenepa sichisiyanitsa. Womasulira uja sanafike pamalo a ngozi, anangotola limene linamukomera m'khutu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo munthu akakuwa kuti ‘amayi’, sikuti akuwafotokozera nkhani amayi akewo. Ine ndikapunthwa ndimaitanabe amayi, chonsecho anamwalira kalekale.”

Anandiuza kuti mchira wa ndege ija sanaupeze pamodzi ndi thupi lake. Unali kumbuyo kutali, m'mudzi wina. Ndiye kuti unachoka ndege ikadali m'mwamba.

Ndinadzuka thovu lili m'manja. “Ndiye mukudikira chiyani? Pitani pa wailesi mukanene!”

“Khalani pansi, mayi. Akatswiri akunja akuti mchira ungathenso kuthyoka ngati woyendetsa waipotokola ndege mwankhanza, mwadala. Ndiye nkhani zonse ziwiri zikadali chilili. Choweruza ndi chitsulo chimodzi, chimene chimagwiriza mchira ku thupi la ndege. Chinaduka pakati. Theka lina linapsa mpaka kusungunuka, theka linalo lasowa.”

“Chitsulo chingaweruze bwanji mlandu?”

“Munalimapo? Mpini wa khasu ukathyoka mumayang'ana pothyokapo. Pakakhala poyera ponse, ndiye kuti wolimayo anachita kuumenyetsa pamwala. Koma pakakhala mbali yakuda, ndiye kuti mng'alu unalipo kalekale, unkangodikira tsiku. Chitsulo nachonso chimatopa, mayi, ndipo chikatopa chimasiya zizindikiro.”

Anati akhala akulengeza pa wailesi kuti aliyense amene anatola kachidutswa ka ndege abweze. Anazungulira kwa ogula zitsulo zakutha ku Ndirande, ndi kwa osungunula mapoto komwe, koma ayi ndithu. Lipoti linali pafupi kutsekedwa.

“Chikapanda kupezeka, tilemba kuti chifukwa chake sichikudziwika. Ndipo anthu athu mukuwadziwa, pamene palembedwa kuti sizikudziwika amadzazapo okha. Komanso ndege za mtundu womwewu zikuulukabe m'mayiko ena, muli ana a anthu.”

Atapita ndinakhala pansi pafupi ndi beseni, kulira kosalekeza. Aka kanali koyamba kuti munthu andiuze kuti mwina si ine.

5

Anabweranso chimanga chitafika m'mawondo. Ulendo uno sanaseke.

Anati anatopa ndi za pa wailesi, n'kuyamba kuyenda wapansi munda ndi munda m'midzi ya kumene kunagwera mchira. Kumeneko anapeza mayi wina amene anawauza kuti tsiku la ngozi chitsulo chinagwa m'munda wake wa nandolo, pang'ono n'kumuphera mbuzi. Chinali chotalika ngati mkono wa munthu, cholemera ndithu. Abale a womwalira atabwera kudzaona malo a ngozi, mayiyo anapita nacho komweko n'kuona mzimayi wina akulira payekha pansi pa mtengo. Anamulonjera m'Chilomwe, iye n'kuyankha, ndipo chifundo chitamugwira anamupatsa chitsulo chija. Anati tengani, ichi ndi chimene chinayamba kugwa. Wolirayo anachikulunga m'chitenje cha tchalitchi.

“Munali inu?” anandifunsa a Bennet.

“Ine ndinali m'chipatala. Ndipo Chilomwe sindichitha.”

Pabanja ponse wochilankhula anali mmodzi yekha, apongozi anga. Sindinawatsanzike n'komwe. Ndinakwera minibasi ya ku Chigumula ndi masilipasi a m'nyumba.

Apongozi ndinawapeza akupalira kuseri kwa nyumba. Anali ataonda kuposa ine.

“Amayi, ndabwera.”

“Kuno kulibe mwana wina woti uphe.”

“Chitsulo chimene munapatsidwa m'munda wa nandolo chili kuti?”

Khasu linaima m'malere. Kenako linatsika pang'onopang'ono.

“Sindikudziwa zimene ukunena.”

“Akhala akulengeza pa wailesi, amayi, ndipo wailesi yanu simuzimitsa, ine ndikudziwa.” Ndinagwada m'matope momwemo. “Sindikupempha za ine. Ine muzinditukwana mpaka ndidzafe. Koma mdzukulu wanu akumutcha mwana wa wakupha. Gracian akumutcha wakupha. Chitsulo chimenecho chingathe kuyeretsa dzina lake. Ngati munataya, ingondiuzani pamene munataya, ndikafukula ndi manja angawa.”

Anakhala pamzere, kuyang'ana zikhatho zawo.

“Sindinataye.”

“Nanga chili kuti?”

“Ali nacho mwini wake.”

Poyamba sindinamve. Kenako ndinakumbukira chitseko chotseka chija, ndi kalipentala akukhoma misomali. Mayo ine!

“Anandipatsa kansalu, Ndaziona,” anatero. “Mwana amene ndinamubereka kumbuyo ndikugulitsa tomato, munthu wamtali ngati chitseko, anandibwezera m'kansalu. Ndikanaika nthochi? Chitsulo chija chinali naye kumwamba. Ndinachifunditsa chitenje changa n'kuchigoneka pambali pake, kuti bokosi lilemereko ngati muli munthu.”

“Ndiye pamene ankalengeza paja, inu munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Miyezi yonseyi anthu akundilavulira, mwana akulira kusukulu, inu muli chete?”

“Ndikanena akanamufukula.” Anandiyang'ana m'maso koyamba. “Kudana nawe kunali kwapafupi kusiyana ndi kuona makasu pamanda a mwana wanga. Ndinasankha kudana nawe.”

Ndinkafuna kukuwa, ndinkafuna kuwagwedeza, koma ndinangoona nkhalamba yatheratu pakati pa chimanga. Pamene ndinkadzuka anandigwira chitenje.

“Mukamufukula, mundikwirire ine momwemo.”

6

Kufukula manda si nkhani ya masewera. Pamafunika chilolezo cha khoti, apolisi, azaumoyo, ndiponso kuti abale avomereze. A Lackson atamva nkhani yonse anagwira pakamwa, n'kusayina osandiyang'ana kumaso. Nane ndinasayina. Ndinkadziwa kuti ndikuthyola mtima wa munthu amene anali atathyoka kale, koma ndinkaona nkhope ya Stacy. Mbiri itamveka, anthu anapeza nyimbo yatsopano: mkazi uja tsopano wafika pofukula mwamuna.

Linali tsiku la mitambo, m'mawa. Anatchinga manda ndi matenti. Adzukulu, anthu okumba manda aja, amene nthawi zonse sasowa nthabwala, tsiku limenelo ankakumba ali duu. Wansembe anaima pambali ndi buku lake. Mayi Alefa ndinkayesa sabwera, koma anabwera, n'kukakhala patali pamwala, atatifulatira.

Potsegula bokosi sindinayang'ane. Ndinangomva misomali ikulira. Kenako a Bennet anatuluka m'tenti atavala magolovesi, atanyamula mtolo wa chitenje chimene chinali chitayamba kufumbwa. Anauika patebulo, kuumasula mosamala ngati akusambitsa khanda, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Mayi Namakhwa, tabwerani.”

Anandilozera pothyokapo. Kachigawo kakang'ono kokha ndi kamene kanali kowala. Kwina konse kunali kwakuda, kuli mizeremizere ngati ya pachitsa cha mtengo wodulidwa.

“Akatsimikiza ndi a ku labotale,” anatero motsitsa. “Koma ine ndakalambira pazitsulo. Mng'alu uwu unayamba mwina inu musanakwatiwe n'komwe. Amuna anu sanagwetse ndege. Ndege ndi imene inawathyokera m'manja.”

A Lackson anagwada pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Ndipo pamene ankakhomanso bokosi, kunamveka mawu kuchokera pamwala paja. Apongozi sanacheuke, anangofunsa:

“Mwatenga. Nanga mwana wanga watsala ndi chiyani m'menemo?”

Bokosi linatsika mopepuka, adzukulu osatuluka ndi thukuta lomwe.

7

Lipoti linatuluka chaka chotsatira. Linati mchira unachoka chifukwa cha mng'alu wakale umene unabisala pamalo posaoneka popanda kumasula ndege, ndipo palibe woyendetsa aliyense amene akanaipulumutsa. Ndege zonse za mtundu umenewo anaziimika kaye kuti aziunike, ndipo a Bennet akuti zina anazipeza ndi mng'alu womwewo. Kwinakwake kuli akazi amene amuna awo amafika kunyumba madzulo chifukwa cha manda a ku Chigumula, koma sakudziwa.

Nyuzi inalemba nkhaniyi mkati, pakona, pafupi ndi malonda a matayala. Pa watsapu sindinaione ndi kamodzi komwe. Bambo ake a Nizam anabwera okha ku Chinyonga, anakhala pampando, tinamwa tiyi, n'kumapita. Stacy anadula kachidutswa ka nyuzi kaja n'kupita nako kusukulu. Mayi Alefa mdzukulu wawo amamulandira, amamukazingira chimanga. Ine anabwerera kumandinena kuti inu, koma inu wake ndi wa mlendo wofunsa njira.

Tsiku limene a Bennet anandibweretsera lipoti, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Panali funso limene linkandidya, ndipo ndinalimba mtima.

“Bambo, inu munamvera kabokosi konse kaja. Paulendo wonsewo, ananditchulako?”

Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

“Mukufuna ndikuuzeni zoona?”

“Zoona.”

“Ayi, mayi. Ankakamba za ntchito. Penapake Nizam anawafunsa za mpira, iwo n'kuseka. Basi.”

Ndinawathokoza, n'kubwerera m'nyumba, n'kudzitsekera kubafa kuti mwana asandimve.

Inu amene mukuwerenga, sindine woyenera kukulalikirani. Ndingokupemphani kuti uthenga wonena za munthu ukafika pafoni panu, chala chisathamange kuposa mutu. Liwu limodzi la Chichewa, limene mwana aliyense amalidziwa, linatenga akatswiri, makasu ndi misozi ya nkhalamba kuti limveke bwino, koma kulipotoza kunangotenga madzulo amodzi. Ndipo apongozi anga musawaweruze. Amene sanalandirepo mwana wake m'kansalu asanene kuti iye akanachita bwanji.

Dzina la Gracian layera, ndipo ndi chimene ndinkafuna. Koma pali chimene sindinauzepo munthu. Nthawi yonse imene dziko linkanditukwana, pansi pa ululu wonsewo ndinali ndi kanthu kamodzi m'manja: ndinkadziwa kuti pa mpweya wake womaliza mwamuna wanga ankaganiza za ine. Zinali zowawa, koma zinali zanga. Lero ndikudziwa kuti ankanena za chitsulo. Kaya anafa atandikhululukira, kaya akadali wokwiya, kaya ankati akabwerako adzanditenga ku Chinyonga, palibe wofufuza amene angandipezere zimenezo.

Ndinamenya nkhondo kuti dziko lidziwe kuti mawu aja sanali onena za ine. Ndinapambana, abale anga, ndipo ndikulirabe.